Kuuwa kwa Tilekeni

M'mudzi wina wa m'dziko la Mfumu Ndake, kufupi ndi Nyimba, munali mkulu amene anali ndi galu dzina lake Tilekeni. Mdzukulu wake atatsiriza sukulu ku Petauke, anapeza kuti galuyo auwa usiku wonse, ndipo anansi anali atadandaula kale kwa mfumu ya mudzi. Mnyamatayo anatenga ndodo nati, "Ambuya, lero ndimphunzitsa." Koma mkuluyo anamgwira dzanja nafunsa, "Kodi wamva cimene alikunena?"

Funsoli linali lanzeru, pakuti kuuwa kwa galu sikuli kwa mtundu umodzi. Akaona mlendo pa njira auwa mofulumira, ataima nji, makutu ali cire. Akamva fungo la fisi pafupi ndi khola la mbuzi, mau ake asanganiza ndi kulira, nabwerera cam'mbuyo, mcira uli pakati pa miyendo. Anthu amaseka kuti galu auwa mphepo, koma makutu ake amva timau tating'ono timene khutu la munthu silingathe kugwira, ndipo mphuno yake iposa makutuwo.

Kuuwa kwa Tilekeni kunali kwina. Anali kuuwa kawiri, naleka, nauwanso, monga munthu woodira pa khomo lopanda eni. Anammanga cingwe pa mwendo wa nkhokwe cifukwa anali kuba dowe m'minda ya anthu. Galu wozolowera kutsata anyamata ku chire anakhala masabata ambiri pa malo amodzi, phale lake la madzi lili gwa. Ana akatopa ndi phokoso anali kumponyera mkute, ndipo potero anamphunzitsa okha kuti kuuwa kubweretsa nsima. Akulu anali kumkalipira ali m'nyumba; koma galu pomva mbuye wake alikupfuula ayesa kuti amthandiza kuuwa.

Tsono mnyamata anaika ndodo pansi. M'mawa uliwonse anali kumasula galuyo napita naye kumunda kukapirikitsa anyani, ndipo madzulo anali kumpatsa cakudya ndi madzi. Galu wotopa ndi wokhuta agona. Akauwa mlendo, mnyamata anali kuturuka, nayang'ana, namuitana kamodzi ndi mau ofatsa. Kanthongo ka nsima anali kumpatsa atakhala cete, osati alikuuwa. Kumenya kukadamtontholetsa msanga, inde, koma galu womenyedwa kawirikawiri aleka kucenjeza nayamba kuluma mwakacetecete.

Mkuluyo anali kuopa kuuwa kumodzi kokha. Galu akasintha mau nasasa, dovu lilikutayika, naluma ciliconse, ndico ciwewe. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, napite ku cipatala tsiku lomwelo, cifukwa katemera, amene Louis Pasteur anayamba kupulumutsa naye anthu mu 1885, athandiza pokhapo zizindikiro zisanaoneke. Cifukwa ca ici mnyamata anapita naye Tilekeni kukabayitsa pamene anthu a zoweta anafika m'deralo.

Anansi analeka kudandaula. Usiku wina wa nyengo yozizira Tilekeni anauwa kwina kuja kosanganiza ndi kulira, ndipo mkulu ndi mdzukulu wake anaturuka ndi miuni. Sanaone kanthu. Kutaca anapeza mapazi a fisi atazungulira khola, mbuzi zonse zili momwemo.