Kalata yochokera ku Leicester: za mabotolo a elderberry

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno chisanu chafika, dzuwa likumalowa cha m'ma 4 koloko, ndipo chimfine chili khomo ndi khomo.

Mwandipempha mabotolo a elderberry, poti mwamva kuti amakweza chitetezo cha m'thupi. Pepani, sinditumiza, koma mumve kaye chifukwa chake.

Elderberry ndi tizipatso takuda ta mtengo womera wokha m'mbali mwa misewu ndi m'malire a minda kuno. Umachita maluwa oyera mu June, zipatso n'kupsa cha mu September. Eni dziko akhala akuphika tizipatsoti kuyambira kalekale, ndipo lero madzi ake amagulitsidwa ku Boots ndi ku Holland & Barrett, ena ndi dzina loti Sambucol. Kuphikako sikuti n'kwachabe. Masamba, timitengo ndi zipatso zosapsa zili ndi poizoni wofanana ndi wa chinangwa chowawa chosaviika. Mu 1983 ku California anthu 8 anathamangira nawo kuchipatala atamwa madzi ake osaphika.

Nanga amathandizadi? Kafukufuku wa ku Norway wa 2004, pa odwala chimfine chachikulu 60, anapeza kuti omwa madziwa anapeza bwino masiku 4 anzawo asanachire. Koma mu 2020 madokotala a ku Cleveland Clinic ku America anayesa pa odwala 87, osaona kusiyana kulikonse. Ndipo onsewa ankayesa chimfine basi, osati malungo, TB kapena HIV.

Apa m'pamene pagona nkhawa yanga. Kwathu taika maliro a anthu amene anasiya ma ARV atakopeka ndi botolo lokongola lochokera kunja. Ndikaganiza kuti botolo lotere lingadzere m'manja mwanga, mtima umandiwawa.

Ngakhale kuno komwe mtengowu uli mbwee, a zaumoyo a NHS satilangiza za elderberry. Amatiuza za katemera wa chimfine ndi vitamin D, mamaikilogalamu 10 pa tsiku, makamaka ife akhungu lakuda, poti dzuwa la kuno ndi lofooka. Inu dzuwalo muli nalo laulere.

Ndalama ya mabotoloyo ndakutumizirani pa foni. Mugule mazira, usipa, nyemba ndi nsinjiro zothira mu bonongwe, ana azidya n'kukhuta. Wina akatentha thupi, mupite naye kukayezetsa malungo tsiku lomwelo. Ndipo chonde, alamu asadumphitse mankhwala awo ngakhale tsiku limodzi.

Ndatha ine,
mlongo wanu