Batire Nalo Limaopa Dzuwa

Mwezi wa Okutobala chaka chatha ndinalakwitsa. Bambo anandituma kukatchajitsa foni yawo pa sola ya aneba, ine poti ndimachedwa kusukulu ndinangoisiya pawindo, dzuwa likuiwomba. Pokaitenga madzulo inali yotentha ngati mbatata yochokera pamoto, kumbuyo kutatukuka. Batire linali litafufuma. Bambo sanakalipe, anangoti, "Ndalama ya batire latsopano ichokera pa ya nsapato zako." Ndiye nsapato zong'ambika mumandiseka nazo zija, nkhani yake ndi imeneyi.

Nditawafotokozera aphunzitsi a Physics, anandiuza kuti batire la mufoni ndi la lithium, mtundu womwewo umene umayendetsa magalimoto amagetsi. Limagwira bwino ntchito pakati pa madigiri 15 ndi 35. Likamatchajidwa limatulutsa kale kutentha, ndiye ukaonjezera dzuwa limakalamba msanga, mwinanso kuyaka kumene.

Ine ndinadabwa. Kabatire kamodzi kanandidyera nsapato, nanga galimoto? Tesla Model S ina imanyamula timabatire toposa 7,000 pansi pake. Kamodzi kakapsa kamatha kuyatsa tinzake, ngati moto wa patchire.

Akatswiri anapeza njira: amadutsitsa timapaipi topyapyala pakati pa timabatireto. M'timapaipimo mumayenda madzi osakaniza ndi mankhwala otchedwa glycol, oletsa madzi kuuma m'maiko ozizira. Pampu imakankha madziwo, iwo amatenga kutentha kwa batire n'kukakutaya ku rediyeta, kenako amabwerera atazizira. Madziwo sakhudzana ndi magetsi ayi, amangodutsa mkati mwa paipi.

Bwanji osangopemerera mphepo? Aphunzitsi anati kilogalamu imodzi ya madzi imanyamula kutentha kochuluka kanayi kuposa kilogalamu imodzi ya mpweya. Nissan Leaf yoyamba, ya mu 2010, inalibe madzi ozizilitsa batire. Pofika 2012 eni ake ena ku Arizona, dera lotentha kwambiri la ku America, anayamba kudandaula kuti mabatire awo akufooka msanga.

Atanena zimenezi ndinakumbukira chigayo cha dizilo cha kwathu. Pambali pa injini pali mgolo wa madzi ndi mapaipi awiri, ndipo achimwene ogayitsa aja madzi akachepa amathimitsa injini, ngakhale mzere utalike bwanji. Ndakhala ndikuuona mgolo uja kuyambira ndili mwana, osadziwa kuti nzeru yake ndi yomweyo ili m'galimoto za mamiliyoni.

Tsono ndimaganiza za ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene kumatentha kupitirira madigiri 40. Magalimoto amenewa akadzachuluka kuno, adzafuna amakaniko odziwa mapampu ndi mapaipi a batire. Ine ndikufuna ndidzakhale mmodzi mwa iwo.

Pakadali pano anzanga, foni muzitchaja pamthunzi, osati pawindo kapena pansi pa pilo. Ine ndinaphunzira ndi mapazi.