Ulendo wa ku Lungwena: matailosi, mchenga ndi chikolopa

Tikuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi m'mawa wa Loweruka, achemwali anga anali atayamba kale kuwerengetsera makatoni pa foni. Kumbuyo kwa galimoto kunali matumba a simenti ya Njati, ija amapanga ku Njereza m'boma lomweli la Mangochi, zigubu za penti, ndi zidutswa za matailosi zimene mwini sitolo ya zomangira pa boma anatibwereka kuti tikaonetse mmisiri.

Achemwali adapuma pantchito atagwira zaka zambiri ngati clinical officer m'zipatala za boma. Ndalama za penshoni aganiza zozilowetsa m'nyumba imene idali golosale ya malemu bambo athu aang'ono ku Lungwena, kuti isanduke kakiliniki. Odwala malungo ndi chifuwa adzabwera ndithu, koma mtima wawo uli pa khungu: mphere, zipere, ziphuphu, zipsera, ndi amayi amene nkhope zidapserera ndi mafuta oyeretsa khungu ogula pamsika. Ine ananditenga chifukwa ndili ndi galimoto, komanso ati ndimakonda kutsutsa.

Mukangowoloka Shire, msewu waukulu umakwera mapiri kulowera ku Namwera ndi Chiponde. Ife tinakhotera kumanzere, njira ya ku Makanjira, msewu umene anthu a kuno audandaula mpaka pakamwa kuuma ndipo wandale aliyense wofuna mavoti amaulonjeza. Tinkapatsana mpata ndi akabaza onyamula madengu a usipa ndi matola odzaza mpaka ena miyendo ili panja. Galimoto ikagwa m'dzenje, achemwali ankacheukira kumbuyo kumvetsera ngati china chasweka. Tinadutsa pa Malindi, pamene pali chipatala cha St Martin's cha mpingo wa Anglican, nyanja ili kumanzere, mapiri kumanja, ndipo titayenda makilomita pafupifupi 30 kuchokera pa boma tinafika.

Dzina la Lungwena limadziwika m'mabuku a zaumoyo kunja kuposa mmene ambirife tikudziwira. Kuyambira 1995, akatswiri a College of Medicine, imene lero ili mu KUHeS, pamodzi ndi anzawo a yunivesite ya Tampere ku Finland, akhala akutsatira amayi oyembekezera ndi ana awo m'midzi ya kuno, ndipo wina mwa kafukufuku wa chiponde cha ana onyentchera adachitikira konkuno. Anthu a kuno adazolowera kupita kuchipatala, ndipo amapita ambiri. Ine ndinkayang'ana mapazi awo: amayi a ana kumsana, asodzi ochokera ku doko, anyamata a masilipasi, aliyense atanyamula mchenga wa kunyanja kuphazi. Pakhomo pa kiliniki ya achemwali mchenga umenewo udzalowa tsiku lililonse, kuyambira m'mawa mpaka kutseka.

Mmisiri tinamupeza atakhala pa mulu wa njerwa za simenti. Ndi bambo wachikulire, wa ndevu zoyera, amene adagwirapo ntchito zomanga ku Johannesburg monga amuna ambiri a kuno.

"Ajimwiche uli, ambuje?" anatero achemwali. Ine Chiyao changa chimathera pa "sikomo", choncho ndinangowomba m'manja. Bamboyo anaseka n'kutembenukira ku Chichewa.

Achemwali anatulutsa foni n'kumuonetsa zithunzi za pa Facebook: makiliniki okongoletsa khungu a ku Sandton, pansi poyera mbee, ponyezimira mpaka munthu kudziona nkhope. Anati munthu wobwera kudzakonzetsa khungu amayamba waona malo. Akapeza pansi pakuda ndi makoma othimbirira, sangakupatse nkhope yake. Pamenepo ndinagwirizana nawo, ndipo ndikugwirizana nawobe.

Mmisiri sanatsutse. Anatenga kachidutswa koyera konyezimirako n'kukaika pansi, anawaza mchenga wodzaza dzanja, anaponda ndi nkhwaira yake n'kupotokola phazi kawiri katatu. Atakapukuta ndi malaya n'kukapendeketsa padzuwa, timizere tosawerengeka tinaoneka. Kenaka anathira madzi a m'botolo langa n'kunena kuti, "Achimwene, tapondani apa." Ndinaponda ndi nsapato yanga ya m'tauni, phazi linathawa, ndinagwira felemu la chitseko. Anachitanso zomwezo pa kachidutswa kotuwa, kosanyezimira, kokhakhala pang'ono. Mchenga sunasiye chizindikiro, ndipo phazi linagwira.

"Adokotala," anatero, "mayi woyembekezera akaterereka apa, mudzayankha ndinu."

Anafotokoza kuti matailosi si amodzi. A ceramic, otchipa aja, ali ndi kachikopa konyezimira pamwamba ndi dongo lofewa mkati. Kachikopako kakatha pa khomo, pamene aliyense amaponda, pamatsala njira yakuda imene sopo sangachotse. A porcelain amawotchedwa pamoto waukulu, ndi olimba, ndipo samwa madzi. Anati tiziwerenga pa katoni: pamene palembedwa PEI 4 kapena 5 ndiye oyenera malo opondapo anthu ambiri, ndipo pa kuterera tifune R10. Anawonjezera kuti pa makatoni khumi alionse tigule limodzi lapadera, la mtundu womwewo ndi tsiku lomwelo, chifukwa ena adzasweka pa msewu tadzerawu, ndipo chaka chamawa sitolo idzakhala itasintha mtundu.

Anatitengera ku nyumba ina yatsopano chapafupi, ya mnyamata amene ali ku Joni ndipo amatumiza ndalama kuti abale amumangire. Kunja n'kokongola. M'kati mmisiri anatulutsa kiyi m'thumba n'kuyamba kugogoda matailosi limodzilimodzi. Ena ankalira mwamphamvu, ena ankalira ngati chigubu chopanda madzi. Woyala adangoika timilu tisanu ta simenti pansi pa tailosi lililonse kuti asunge thumba, pakati n'kusiya mphako. Mwendo wa bedi kapena wa benchi ukadzapondapo, lidzang'aluka. M'nyumba ya munthu zimenezo ndi zokwiyitsa chabe. M'chipinda chotsukira mabala, madzi a magazi amalowa mu mng'aluwo n'kukhala m'mphakomo, ndipo palibe chikolopa chingafikemo.

Mkangano weniweni unayamba titabwerera, azakhali athu atafika ndi nsima ya kambuzi. Iwo adakolopa m'mawodi a chipatala china cha boma mpaka msana kupindika, ndipo palibe adawafunsapo maganizo pa zomanga. Anamvetsera pang'ono, kenaka analowerera.

"Ana inu, mukukamba za pansi ngati mudzakolopa ndinu."

Anatiwerengera mmene madzi okolopera amasakanizidwira: Jik wa m'sitolo, uja wa 3.5 peresenti, kapu imodzi pa makapu 6 a madzi kuti afike pa 0.5 peresenti yopukutira pamene pagwa magazi. Pa kolera wa 2022 mpaka 2023, amene adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Mangochi idali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, masanzi ndi chimbudzi cha odwala ankathira klorini wa 2 peresenti. Madzi amenewo, anatero azakhali, amadya chilichonse. Amayeretsa okusaidi wofiira wa pa simenti mpaka pansi kukhala mawangamawanga, amafumbutsa penti ya madzi, ndipo felemu lachitsulo limayamba dzimbiri kumunsi kumene chikolopa chimagunda. Polishi wofiira uja timanyadira m'nyumba zathu anamukana kwamtuwagalu: amagwira fumbi, amaterera, ndipo klorini akamupeza amasanduka phala.

Chimene chinkawapweteka kwambiri ndi ngodya. Pamene khoma lakumana ndi pansi mowongoka, dothi limabisala pamenepo, ndipo wokolopa amagwada ndi kansalu kukokota. Anapempha mmisiri kuti sikating'i aipinde mozungulira kuti chikolopa chizingodutsa. Mipata ya pakati pa matailosi nayo anati ikhale yopyapyala, ndipo grout wake asakhale woyera, chifukwa pakatha mwezi amada ndipo odwala amayesa kuti simukolopa. Matailosi akuluakulu amachepetsa mipatayo, bola pansi pakhale posalazidwa bwino.

Ine ndinaponyamo terrazzo, timiyala tosakaniza ndi simenti timene amapala ndi makina mpaka kusalala. Ndidaiona m'nyumba zakale za boma ndi za mishoni, itapondedwa zaka makumi ambiri koma ikadali yolimba, ndipo mpaka lero ndimaona kuti palibe choiposa pa malo a anthu ambiri. Mmisiri anavomera, koma anafunsa kuti makina opalira tiwatenga kuti, magetsi odalirika masiku onse opalawo tiwapeza kuti, ndipo pakadzang'aluka adzakonze ndani. Achemwali anatchula vinyl wa mipukutu, uja amayala m'mathiyeta a m'mizinda n'kuwotcherera m'malumikiziro. Ameneyo ndi wabwino zedi pa ukhondo, palibe mpata ngakhale umodzi. Koma amafuna simenti youma kotheratu pansi pake, ndipo kufupi ndi nyanja chinyontho chimakwera kuchokera m'nthaka n'kumatula guluu. Akang'ambika pangodya, woti adzamate achokere ku Blantyre, mumulipire ulendo ndi malo ogona. Tailosi likasweka, mnyamata wa pompano amalichotsa ndi tchizulo n'kuika lina la m'katoni yapadera ija tsiku lomwelo. Mfundo imeneyi ndiyo inapambana zonse, ndipo ndinagonja.

Za makoma sizinatenge nthawi. Kuchokera pansi mpaka pa phewa la munthu wamkulu, penti ya mafuta, chifukwa m'pamene odwala amatsamira, ana amagwira ndi manja a mango, ndi mitu yodzola mafuta imasiya mabanga pamwamba pa benchi. Kumtunda kwake penti ya madzi yotheka kupukuta. Kuseri kwa sinki ndi bedi lotsukira mabala, matailosi. Mmisiri anachenjeza kuti pulasitala watsopano apatsidwe pafupifupi mwezi kuti aume asanapakidwe penti ya mafuta, apo ayi idzatupa matuza n'kusendeka. Simenti ya pansi nayo ithiridwe madzi sabata yathunthu, ndipo mchenga wake ukhale wa mumtsinje, wokhakhala, osati wosalala wa m'mbali mwa nyanja umene umapezeka ulere.

Pa mtundu wa penti achemwali ndiwo anatiphunzitsa. Ine ndinkafuna wobiriwira wa chipatala, azakhali ankafuna pinki poti ndi malo a amayi. Achemwali anakana zonse ziwiri. Khoma la mtundu wowala limabwezera mtundu wake pa khungu la wodwala, ndipo pa khungu lakuda kufiira kwa chotupa kumavuta kale kuona. Chipinda choyezera chikhale choyera motuwira, ndi zenera lalikulu lolowetsa kuwala kwa dzuwa, lotchinga ndi galasi losaonekera mkati kuti odutsa asasuzumire.

Tikuyang'ana kudenga, tinaona siling'i yakale ya golosale itatupa ndi mabanga akuda, fungo lake losasowa: mileme. Aliyense amene adagwirapo ntchito m'zipatala za kumidzi amalidziwa fungo limenelo. Mmisiri anati kusintha mabolodi osatseka mipata ya pakati pa khoma ndi malata n'kutaya ndalama, mileme idzabwerera sabata yomweyo. Atseka kaye ndi simenti ndi waya wa sefa, kenaka ndiye siling'i. Mafelemu a matabwa chiswe chidawamaliza kale, ndiye tinagwirizana za achitsulo, opakidwa mankhwala oletsa dzimbiri asanaikidwe, ndi kachitsulo kosachita dzimbiri kumunsi kwa zitseko kumene anthu amakankha ndi phazi. Makabati a chipboard, okongola m'sitolo, azakhali anati amatupa akangonyowa kamodzi. Mmisiri aumba tebulo la konkire n'kuliyala matailosi, sinki yake yachitsulo chosachita dzimbiri.

Khonde lodikirira ndilo linatsala. Pamenepo tinavomerezana kuti pakhale simenti yosalazidwa ndi chitsulo, yopanda okusaidi, yopendekera kunja kuti madzi azituluka okha, ndi mabenchi a konkire amene sangathyoke kapena kubedwa. Pakhomo paikidwe chitsulo chopalira mapazi ndi chopondera chokhuthala, kuti mchenga wambiri uzitsala panja usanafike pa matailosi. Achemwali anadandaula kuti khondelo silidzaoneka ngati la pa chithunzi chija. Sanalakwe. Koma a Medical Council of Malawi akadzabwera kudzayendera nyumbayi asanapereke chilolezo, adzayang'ana ngati malo ndi otheka kutsuka, ngati madzi alipo, ngati zinyalala zili ndi kotayira. Odwala nawo adzaiona nyumbayi chaka chachitatu ndi chachisanu, osati tsiku lodula riboni lokha.

Pobwerera madzulo, mwera utayamba kuwomba ndipo asodzi akukankhira mabwato m'madzi ndi nyali zawo, achemwali anachotsa zithunzi za ku Sandton zija n'kulemba mndandanda watsopano wopita nawo ku sitolo Lolemba. Ndalama zikukwera pa matailosi a porcelain, zikutsika pa makabati ndi pa khonde.

Inu amene mukumanga kiliniki, famase kapena saluni, kaya ku Mangochi kaya ku Lilongwe, musanalipire katoni ngakhale imodzi pemphani kachidutswa, mukathirepo madzi ndi mchenga wa pakhomo panu, mupondepo. Ndipo pa tsiku lokambirana ndi mmisiri, itanani amene adzakolope akhale nawo pompo.