Ku Strasbourg, Kumene Ntchentche Zinaphunzitsa Madokotala

Sitima yothamanga yochokera ku Paris imafika ku Strasbourg, kumalire a France ndi Germany, pasanathe maola awiri. Anzanga a m'sitimamo ankathamangira kukaona tchalitchi chachikulu cha miyala yofiira. Ine ndinalunjika kuyunivesite, kunyumba yofufuzira ya IBMC, kukaona tintchentche.

Ndi tintchentche timene timaunjikana pa nthochi yakupsa kwambiri tija. Wophunzira wina anandionetsa timabotolo tambirimbiri totseka ndi thonje, m'chipinda monse mukununkha ngati pofulula mowa. Munomu ndi mmene Jules Hoffmann, wobadwira ku Luxembourg mu 1941, anagwirira ntchito zaka zambiri.

Iye anayambira pa dzombe. Chinkamudabwitsa n'chakuti akaling'amba pofufuza, chilondacho sichinkaola. Tizilombo touluka tilibe chitetezo chokumbukira matenda chimene katemera amadzutsa mwa ife, nanga dzombelo linkadziteteza ndi chiyani? Funso limeneli analisunga mpaka gulu lake linasamukira ku ntchentche, zimene zimaswana msanga ndipo chibadwa chake n'chodziwika bwino. Mu 1996 Bruno Lemaitre, Hoffmann ndi anzawo anasonyeza kuti ntchentche ikawonongeka jini yotchedwa Toll imafa ndi nkhungu, thupi lonse litachita chuku. Mu 1998 Bruce Beutler ku America anapeza kuti mbewa zimazindikira mabakiteriya ndi jini ya mtundu womwewo, ndipo ifenso tili nayo. Hoffmann ndi Beutler analandira mphoto ya Nobel mu 2011.

Koma chimene chinandikhudza kwambiri ndi udzudzu. Kwathu timauona ngati wongonyamula malungo, osadziwa kuti nawonso umalimbana nawo. Elena Levashina ndi gulu lake, ali konkuno, anasonyeza mu 2004 kuti puloteni ya m'thupi mwa udzudzu yotchedwa TEP1 imakakamira tizilombo ta malungo tikamaboola matumbo ake n'kutipha. Jini ya puloteniyinso si yofanana mu udzudzu wonse: wina umapha tambiri, wina umalekerera. Kusiyana kumeneku kumayenda m'mibadwo.

Ndinatuluka ndili ndi nsanje yabwino. Udzudzu ali nawo kuno ndi woweta m'chipinda chotenthetsa, pamene ku Chikwawa ndi ku Karonga ukuswana wokha m'zithaphwi. Ndikufuna ana athu a ku University of Malawi ndi ku KUHeS apatsidwe ndalama ndi zaka zokwanira zoufunsa mafunso otere, osati kumangougwirira ena kuti akaupime kunja.