Chingerezi chomwe ndinamva pa Chichiri

Munthu ukatsika minibasi pa Chichiri mumzinda wa Blantyre, maso amayamba agwera pa bwalo la zamasewero la Kamuzu. Chapafupi pomwepo pali mpanda wa bwalo la chionetsero cha zamalonda, komwe bungwe la MCCCI limasonkhanitsa makampani am'dziko muno ndi akunja. Masiku wamba malowa amakhala zii, koma chionetsero chikayamba mumadzaza matenti, zimkuzamawu, fungo la tchipisi ndi ana asukulu otolera timapepala ta makampani.

Ndinapitako ndi ophunzira anga a Fomu 4 ochokera kusukulu yathu yoyendera ku Phalombe. Iwo anathamangira mathirakitala ndi mapampu oyendera dzuwa. Ine poti ndimaphunzitsa Chingerezi, khutu linali pa zolankhula za mabwana a masuti.

Patenti ina bwana wa kampani yogula mbewu ankakambirana ndi mlendo wa ku India wofuna nandolo. Chingerezi cha bwanayo chinali chija ife aphunzitsi timachipatsa malikisi ambiri: ziganizo zazitali, mawu akuluakulu, galamala yosalakwika. Mlendoyo ankangogwedeza mutu kenako n'kubwereza mafunso ake omwewo. Matani angati? Mtengo wake bwanji? Katundu afika liti padoko la Nacala kapena Beira? Anawapulumutsa ndi mtsikana wogwira ntchito patentipo, amene anatenga cholembera n'kulemba manambala atatu papepala. Apa m'pamene nkhani inayamba kuyenda.

Bwanayo sindikumunyoza ayi. Vuto ndi lakuti anthu ambiri amene timachita nawo malonda, Chingerezi anachita kuphunzira ngati ife tomwe, ndipo aliyense amabwera ndi chizolowezi chakwawo. Mmwenye amawerenga ndalama mu lakh, yomwe ndi 100,000, ndi crore, yomwe ndi 10 miliyoni. Mnzathu wa ku Mozambique akalemba 1,5 akutanthauza imodzi ndi theka, chifukwa pa Chipwitikizi amaika koma pomwe ife timaika kadontho. Wa ku America akalemba 03/04 akunena 4 Malichi, pomwe ife tiwerenga 3 Epulo. Tani yakenso ndi yaing'ono, makilogalamu pafupifupi 907, osati 1,000. Nanga pafoni, fifteen ndi fifty? Netiweki ikangodukaduka, mawu awiriwa amakhala mapasa.

Palinso timawu ta zilembo zitatu tomwe bungwe la International Chamber of Commerce limaika m'malamulo otchedwa Incoterms. Mukagwirizana FOB, wogulitsa amafikitsa katundu m'sitima padoko, zotsalazo ndi za wogula. Mukati CIF, wogulitsa alipiranso mayendedwe apanyanja ndi inshuwalansi. Kwa dziko lopanda doko ngati lathu, amene wavomera mwamanyazi asanamvetse wataya phindu lonse.

Manyaziwo ndiye matenda athu enieni. Bwana wamkulu safuna kunena kuti “sindinamve, bwerezani”, kuopa kuoneka wosaphunzira pamaso pa antchito ake. Chonsecho alendo amene ndinawamvetsera tsiku limenelo ankafunsa kawirikawiri, mopanda mantha, ndipo pomaliza ankabwereza zomwe agwirizana n'kupempha kuti zilembedwe pa imelo.

Wina anganene kuti izi ndi za m'tauni. Koma mu 2021 boma la Malawi linasainirana pangano ndi India lakuti tizitumizako matani 50,000 a nandolo pachaka kwa zaka zisanu, ndipo nandoloyo amalimidwa ndi makolo a ana anga omwewa. Bwana akaphonya pokambirana mtengo, amene amalira ndi mlimi pasikelo ya venda.

Kusukulu timadziwa kuti wolephera Chingerezi satenga satifiketi ya MSCE. Komatu mayesowo ndi olemba okhaokha, palibe amene amamuyesa mwana kulankhula kapena kumvetsera. Ndiye mwana amakhoza bwino, amapita kukoleji, amakwera mpaka pampando wa bwana, asanakambiranepo mtengo wa chinthu m'Chingerezi.

Chibwerereni ku Chichiri, Lachisanu lililonse ndimakhazika ana awiriawiri mofulatirana ngati ali pafoni. Mmodzi amagulitsa nandolo, wina amagula, aliyense n'kulemba zomwe wamva. Sabata yoyamba, mwa magulu 20, asanu okha ndi amene manambala awo anafanana.