Ku Chentcherere, kumene amayi anaphunzitsa pa thanthwe

Loweruka lina m'mwezi wa Juni, ine ndi mphunzitsi mnzanga wa Histore tinatenga ophunzira athu a Folomu 3 kupita nawo ku Chongoni, m'boma la Dedza, kukaona zojambula zamakedzana za m'mapanga. Ndimaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera kumudzi, ndipo ulendo ngati uwu umachitika mwina kamodzi pa zaka zitatu, chifukwa ndalama ya lole timachita kusonkherana.

Nkhani inayamba tisananyamuke. M'kalasimo muli atsikana 21, koma amene anabwera ndi 9 okha, pomwe anyamata anabwera pafupifupi onse. Nditafunsa, mayankho anali ofanana: Loweruka ndi tsiku lochapa, lopita kuchigayo, lolera ana amayi akapita kumsika. Mmodzi mwa asanu ndi anayiwo ali ndi mwana wa chaka chimodzi. Anabwerera kusukulu kudzera mu ndondomeko ya boma yolola mtsikana kupitiriza maphunziro akabereka, yomwe inayamba mu 1993. Kuti apite nafe, ndinayenda ndekha kukapempha mayi ake kuti atsale ndi mdzukulu wawo tsiku limenelo.

Tinadutsa pa boma la Dedza kukuzizira koopsa, nkhungu itaphimba phiri. Titasiya msewu wa M1 n'kulowa wafumbi, tinayamba kukumana ndi amayi atasenza mitolo ya nkhuni, ena ndowa za mbatatesi pamutu, mwana kumbuyo. Anyamata athu anali chiimire m'mbali mwa lole, kuimba ndi kukuwiza anthu m'njira. Atsikana anakhala pansi pakati, atagwirira mapoto, thumba la ufa ndi ndowa ya nyemba kuti zisatayike. Palibe anawauza kuti atero mmawawo. Koma ndandanda wa ntchito za pa ulendowu ndinalemba ndi ine, Lachinayi, ndi dzanja langa: atsikana kuphika ndi kutsuka, anyamata kutsitsa katundu.

Dera la Chongoni lili ndi malo 127 okhala ndi zojambula pa miyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Ife tinafika pa phanga la Mwana wa Chentcherere, lomwe lili m'nkhalango ya Chongoni. Si phanga lakuya ayi. Ndi thanthwe lalikulu lowerama ngati khonde, loti anthu ambiri ndithu akhoza kubisalapo mvula. Pakhoma pake pali zojambula zofiira, zomwe akatswiri amati ndi za Akafula, anthu amene ankakhala kuno Achewa asanafike. Pamwamba pa zofiirazo pali zoyera, zopakidwa ndi dothi loyera pogwiritsa ntchito chala. Zambiri zimaoneka ngati nyama yogona chafufumimba itatambasula miyendo. Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu ena analembapo maina awo ndi makala.

Mkulu amene ankatiperekeza anafotokoza kuti zoyera za pamalo amenewa n'zokhudza chinamwali cha atsikana, ndipo ankajambula ndi amayi pophunzitsa anamwali. Mnyamata wina anaseka n'kunena kuti, "Azimayi? Ine ndimayesa anajambula makolo athu." Mnzanga wa Histore anamufunsa kuti, "Kodi agogo ako aakazi si kholo lako?" Onse anaseka, koma ine zinandilowa. Ndakhala ndikuphunzitsa zaka 11, ndipo ndikanena kuti "makolo athu", ngakhale m'mutu mwanga mumabwera mwamuna wa ndevu atagwira mkondo.

Ndinayang'ananso khomalo ndi maso a mphunzitsi. Apa panali bolodi, choko chinali dothi, ophunzira ankakhala pansi pomwe tinaimapo, ndipo mphunzitsi anali namkungwi. Zaka zambiri sukulu za mishoni zisanabwere, amayi a kuno anali ndi malo awo, maphunziro awo ndi zizindikiro zawo, zomwe mwamuna sankaloledwa kuzidziwa. Tanthauzo la zizindikirozo ndi mwambo, ndipo sindingalitchule m'nyuzipepala. Koma amene amakonda kunena kuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo akafike kuno adzaone.

Apo m'pamene mtsikana wa mwana uja anandikokera pambali. "Madamu," anatero, "ngati amayi ankaphunzitsa okha atsikana, bwanji ankawaphunzitsa zokasamala mwamuna basi?" Sindinamuyankhe msanga. Inenso ndinavinidwa, ndipo sindinganame kuti zonse za kutsimba zinali zoipa. Ndinaphunzirako ukhondo, ulemu ndi kudziwa thupi langa, zinthu zimene mayi anga sakanandiuza pamaso. Koma ndinauzidwanso kuti banja n'kupirira, kuti mwamuna ndi mwana sakula, ndipo palibe anandiuza kuti ndili ndi ufulu wokana. Ndinamuuza zoona: amayi aja ankakonzekeretsa ana awo moyo umene iwo ankaudziwa. Moyo wasintha, ndiye maphunzirowo ayeneranso kusintha, ndipo osintha ake ndi ife.

Kusinthako kunayambika kale, m'boma lomweli. Inkosi Kachindamoto, yomwe inali mfumu yaikazi ya kuno ku Dedza, inadziwika dziko lonse chifukwa chothetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubwezera anawo kusukulu, mpaka kuimitsa pa udindo mafumu amene ankavomereza maukwatiwo. Mu 2015 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo loti munthu azilowa m'banja atakwanitsa zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane ndi zimenezi. Komabe lamulo silifika pa mafuwa. Silinena kuti mawa m'mawa atunge madzi ndani, kapena kuti pakati pa mlongo ndi mlongo wake agwiritse ntchito tochi powerenga ndani. Atsikana 12 amene anatsala kunyumba aja palibe anawakwatitsa. Anangowapatsa ntchito zimene alongo awo sapatsidwa, ndipo mayeso a MSCE adzalemba ofanana.

Nthawi ya nkhomaliro itakwana, atsikana anayamba okha kusonkhanitsa miyala ya mafuwa. Ndinatulutsa pepala langa la Lachinayi lija n'kuling'amba pamaso pawo. Ndinati lero aphike anyamata, atsikana abwerere kuphanga akajambule m'makope zimene aona. Panali kung'ung'udza. Wina anati kwawo akamva kuti anagwira mthiko amuseka. Koma njala ilibe manyazi. Nsima inatuluka yosapsa bwino, nyemba zinachuluka mchere, ndipo tonse tinadya. Mnyamata amene anaseka uja ndi amene anavundula poto wachiwiri, ndipo zinapezeka kuti amatha, chifukwa amakhala yekha m'nyumba ya lendi pafupi ndi sukulu. Ankangobisa.

Ndinafika kunyumba cha m'ma 7 koloko usiku, fumbi lokhalokha. Ndinapeza bambo a ana anga ali pakhonde ndi wailesi, ana atakhala pamphasa, kukhitchini kuli zii. "Mwafika? Timadikira inu," anatero mwaulemu wonse. Si munthu wankhanza, ndipo ndalama ya ulendowu anandithandiza ndi iwo. Koma m'zaka zonse za banja lathu sindinawapemphepo kuti akoleze moto, poopa zonena za anthu. Usiku umenewo ndinawapempha. Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anadzuka n'kukatenga nkhuni, ine n'kutenga poto.

Lolemba ndinapita kwa ahedi kukapempha kuti ulendo wotsatira uzichitika mkati mwa sabata, kuti atsikana asatsalenso chifukwa cha zochapa. Ndandanda wosesa m'kalasi nawo ndaulemba mwatsopano, motsatira maina a m'kaundula. Aphunzitsi anzanga m'sukulu zina, kaonenitu ndandanda wanu umene mwamata kuseri kwa chitseko.