Sitampa yodyedwa ndi chiswe

Pafupifupi m'nyumba iliyonse ya m'midzi ya m'malire muno muli kabokosi kapena sutikesi yakale imene ana saloledwa kuitsegula. M'menemo mumagona ndalama za escudo zimene zidaleka kugwira ntchito mu 1980 pamene metical idayamba, makadi a ubatizo, ziphaso za msonkho ndi makalata a anthu amene adamwalira kale. Zambiri mwa zinthuzi n'zong'ambika, zina chiswe chidalawako, zina zidanyowa ndi mvula pothawa nkhondo. Kodi chinthu chotere chili ndi mtengo woti munthu n'kutulutsira ndalama, kapena n'chongosonkhezera moto?

Funso limeneli lidawagwera bambo ena a ku Namacula, mumzinda wa Lichinga, amene adapuma pa ntchito yauphunzitsi. Anzawo amaweta nkhunda, ena amatha tsiku pa bawo, koma bambowa amasonkhanitsa masitampa akale. Amene mtima wawo udakhalapo kwambiri ndi masitampa olembedwa mawu akuti NYASSA.

Achinyamata ambiri sadziwa kuti dera lino lidalamulidwapo ndi kampani ya malonda. Mu 1891 boma la Portugal lidapereka dziko lonse la pakati pa mitsinje ya Rovuma ndi Lúrio, kuchokera kunyanja ya mchere mpaka kunyanja ya Niassa, m'manja mwa Companhia do Nyassa. Kampaniyo idakhazika likulu lake ku Porto Amélia, kumene lero kumatchedwa Pemba. Inkakhometsa msonkho wa nyumba, inkagwiritsa anthu chibalo, ndiponso inkatumiza amuna ku migodi ya ku South Africa. Ambiri adathawira ku Nyasaland chifukwa cha nkhanzazo. Mfumu Mataka ya Ayao idakana kugonja mpaka mu 1912. Ulamuliro wa kampaniyo udatha mu 1929, mzinda wa Vila Cabral, umene ndi Lichinga wa lero, usanamangidwe n'komwe. Kampaniyo idali ndi masitampa akeake, ndipo ndi amenewa aphunzitsi aja amawafunafuna.

Mwezi wa Okutobala, anthu ali kalikiliki kusosa m'minda, kudabwera malonda awiri sabata imodzi. Wogulitsa zinthu zakale wochokera ku Nampula adabweretsa masitampa a 1901, owala ngati asindikizidwa dzulo, timano ta m'mbali tonse tili bwinobwino. Ena adali ndi chithunzi cha nyamalikiti, ena cha ngamila, ndipo pakona padali nkhope ya mfumu Carlos I ya ku Portugal. Patangopita masiku atatu, mnyamata wa kufupi ndi Metangula adafika ndi envulopu yofiirira ngati fodya, imene adaipeza m'bokosi la agogo ake atamwalira. Sitampa yake idali ya nyamalikiti, koma kona imodzi chiswe chidadya, ndipo chidindo cha positi chidaphimba theka la chithunzi. M'kati mudali kalata ya m'Chinyanja.

Ndalama zimene aphunzitsiwo adapatula zidali zokwanira malonda amodzi okha, pakuti zotsalazo zidali za mbewu ya nyemba ndi feteleza wa mbatata ya kachewere.

Mphwawo, yemwe amachita geni pamsika, sadachedwe kugamula. "Amalume, munthu sagula mbiya yoboola. Tengani owalawa. Tsiku lina mukadzasowa mudzagulitsa, koma chong'ambikachi adzagula ndani?"

Mawu a mphwawoyo sadali opanda nzeru. Kwa anthu ochita malonda a masitampa, sitampa yong'ambika, yopyapyala kumbuyo kapena yothothoka timano imagwa mtengo kwambiri, nthawi zina mpaka kutheratu. Amene amagula ndi cholinga chodzagulitsa ayenera kuthawa chilema chilichonse, chifukwa wogula mawa adzachiona ndipo adzachitchula.

Mayi a kunyumba nawo adali ndi lawo. "Abambo, zonse ziwirizi ndi mapepala. Ngati mtima wanu wakakamira, gulani chimodzi, koma mbewu yanga isakhudzidwe."

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Aphunzitsiwo adapempha mnyamata uja kuti agone, ndipo madzulo adakhala naye pakhonde n'kumufunsa mwatsatanetsatane. Mwini kalatayo adali yani? Idafika bwanji m'bokosimo? Abale ena avomera kuti igulitsidwe? Mnyamatayo adalongosola zimene ankamva kwa agogo ake: kuti kalatayo idalembedwa ndi mphunzitsi wa mishoni ya Anglican kunyanja, kupita kwa mchimwene wake amene adaolokera ku Nkhotakota pothawa msonkho, ndipo kuti mchimweneyo adabwerera nayo kwawo kampani itachoka. Pa nkhondo imene idatha mu 1992, agogowo adathawira nayo ku Malawi ataimanga m'nsalu pamodzi ndi khadi la ubatizo. Chiswe chidaipeza m'msasa wa othawa kwawo.

Apa mpamene aphunzitsiwo adaona kusiyana kwa malonda awiriwo. Masitampa owala aja adasindikizidwa ku London ndi kampani ya Waterlow and Sons, ndipo ambiri a mtundu umenewo ankagulitsidwa kwa anthu osonkhanitsa masitampa ku Ulaya komweko, osaponda n'komwe dothi la Niassa. N'chifukwa chake mpaka lero sasowa ndipo ambiri sadula. Ngakhale zithunzi zake zidasankhidwa kuti zikope maso a azungu, pakuti ndani adaonapo ngamila ku Mandimba kapena nyamalikiti ku Sanga? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma makalata amene adayendadi pa positi ya kampaniyo ndi ochepa, chifukwa anthu odziwa kulemba adali owerengeka masiku amenewo. Sitampa yodyedwayo idagulidwa ndi munthu wa kuno, idanyambitidwa ndi lilime la munthu wa kuno, ndipo idanyamula nkhawa ya banja la kuno.

M'mawa mwake adamuuza mnyamatayo zoona zokhazokha. "Mwana wanga, sitampa yakoyi ukaimatula payokha palibe angakupatse ngakhale ya sopo. Mtengo wake uli pa envulopu ndi kalatayi zikakhala pamodzi. Ndikupatsa zimene ndili nazo, ndipo tsiku lililonse abale ako akafuna kuiona khomo ndi lotsegula." Adagwirizana mtengo wocheperapo poyerekeza ndi wa masitampa owala aja, ndipo aphunzitsiwo adalemba m'kope mbiri yonse monga adaimvera, pamodzi ndi mudzi ndi tsiku. Wa ku Nampula adabwerera ndi katundu wake. Mphwawo adapukusa mutu, koma mbewu ya mayi idagulidwa yonse.

Nkhaniyi isapusitse munthu kuti chong'ambika chilichonse n'chuma. Wofuna kugula chinthu chakale chowonongeka ayambe wadzifunsa chimene akuchifunira. Ngati ndi malonda, achisiye. Ngati n'chosungira mbiri, afunse ngati china chabwinopo chingapezeke mosavuta, pakuti n'kupusa kugula chopunduka pamene chamoyo chili pamsika. Afunsenso ngati chilemacho chikupitirira, chifukwa pepala la nkhungu kapena la tizilombo limawononga anzake onse m'bokosi. Pomaliza, mtengo utsike molingana ndi chilemacho, ndipo wogulitsa auzidwe chilungamo.

Amene ali ndi mapepala otere kunyumba asawamate ndi guluu kapena selotepi, chifukwa zomatirazo zimasiya banga losachoka. Asamatule sitampa pa envulopu. Awaike pakati pa mapepala oyera, m'chitini chotseka bwino, pamalo ouma ndi otalikira pansi, makamaka kuno kumapiri kumene chinyontho chimachuluka nthawi ya dzinja. Koposa zonse, afunse agogo akadali moyo kuti pepalalo n'la yani ndipo lidayenda bwanji, n'kulemba yankho lawo. Nkhondo ziwiri, moto ndi chiswe zidatha kale zambiri za m'dera lino, ndipo zotsalazo n'zachilema pafupifupi zonse. Akuluakulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.